Pa masitepe a ku Yamadera

"Unagwada?"

Limeneli ndiye linali funso loyamba la amayi nditawauza pa foni kuti ndinakwera phiri lokhala ndi kachisi wa Abuda. Sanafunse kuti phirilo lili kuti, kapena kuti ndinapita ndi yani. Inu amene munakulira m'nyumba ya mkulu wa mpingo mukulidziwa liwu limene funso lotere limabwera nalo: lotsika, losakalipa, koma lokuumitsa kukhosi. Ndinawauza kuti netiweki ikudukaduka, ndiimbanso mawa. Ndinanama. Netiweki inali bwinobwino. Chovuta chinali chakuti yankho loona linali lakuti eya, ndinagwada, ndipo kuti ndilifotokoze pankafunika nthawi yoposa imene bandulo ya amayi ikanapirira.

Chaka chimenecho ndinali ku Japan, mumzinda wa Sendai, kumene ndinkachita maphunziro oonjezera a unamwino nditachoka pa koleji pano. Bambo anamwalira pakati pa mwezi wa Julayi, atadwala masiku anayi okha. Ndalama ya ndege ndinalibe, ndipo ngakhale ikanapezeka, maliro sakanandidikira. Choncho mwambo wonse ndinauonera pa foni ya mlongo wanga. Nthawi ya ku Japan ili patsogolo ndi maola 7, ndiye pamene kumudzi ankanyamuka ulendo wa kumanda dzuwa litangopendeka, kwa ine kunali kutada. Ndinakhala pansi m'kachipinda kanga, foni nditaitsamiritsa pa ketulo, n'kumaona amayi a Dorika atazungulira bokosi ndi abusa akulalikira mawu amene mphepo inkawameza. Adzukulu atangogwira zingwe, moto wa m'foni ya mlongo wanga unatha. Chithunzi chinaima pa msana wa munthu wina wovala jekete yabuluu, kenako kunada. Mpaka lero ndikaganiza za maliro a bambo, chimene ndimaona ndi msana umenewo.

Kusukulu kuja kunkabwera mayi wina wachikulire Lachitatu lililonse madzulo, kudzathandiza ife alendo kuphunzira Chijapani. Tsiku loyamba nditangonena kuti kwathu ndi ku Malawi, anaimirira, nawomba m'manja mwaulemu, nati, "Mwadzuka bwanji?" Inali 6 koloko madzulo, koma ndinayankha kuti ndadzuka bwino. Anali mzamba wopuma pa ntchito. Ali mtsikana, m'zaka za m'ma 1980, anagwirako ntchito zaka ziwiri pachipatala china cha kumudzi kwathu kuno, monga mmodzi wa achinyamata odzipereka amene dziko la Japan linayamba kutumiza ku Malawi mu 1971. Chichewa chawo chinali cha m'chipinda chochirira: "Mukumva kupweteka pati?" "Gonani chagada." "Mwana wabwino." Ndinayamba kuwatchula Agogo, ndipo iwo ankanditchula "mayi", monga ankatchulira odwala awo. Tinkacheza m'zilankhulo zitatu zosokonezeka, ndipo zimene ndilembe pano ndazisonkhanitsa m'chimodzi.

Nditajomba Lachitatu kawiri, anabwera kuchipinda kwanga. Anavula nsapato pakhomo, nakhala pansi atatsamira khoma, nati, "Pepani." Basi. Anakhala choncho ola lathunthu osanenanso kanthu, monga amachitira amayi pa siwa. Zaka zonsezo anali asanaiwale kuti kwathu wopepesa maliro safunika kukhala ndi mawu ambiri. Ponyamuka anati, "Ndili ndi ulendo wa kuphiri mwezi wamawa. Mawondo anga anatha. Ndikufuna munthu wondigwira mkono." Anatchula Loweruka, kenako anadzigwira pakamwa. "Ayi, limenelo ndi Sabata lanu. Lamulungu."

Ndinavomera ndisanafunse kuti phiri lake ndi lotani. Nditadziwa kuti ndi kachisi, tulo tinandithawa.

Bambo anga sanali munthu wa pakatikati pa nkhani zoterezi. Tinakulira m'mphepete mwa phiri la Mulanje, kumene mwana aliyense amamva zoti m'phirimo muli mizimu, zoti ukapeza chakudya panjira uzingodya osaitana mnzako, zoti ku Sapitwa anthu amasowa. Bambo ankatiletsa ngakhale kuzibwereza nkhanizo. Agogo anga akuchimuna atamwalira, bambo anakana kusonkha nawo chimanga cha sadaka, ndipo abale awo anakhala zaka osaponda pakhomo pathu. Nkhani imene ankaikonda kwambiri pophunzitsa Sukulu ya Sabata inali ya anyamata atatu aja a ku Babulo amene anakhala chiimire khamu lonse litagwada. Tsono ine, mwana wawo, dothi la pamanda awo lisanaume, ndikakwere phiri la mafano? Sabata lotsatira ndinalitsegula ndi funso limenelo ndipo ndinalitseka nalo lomwelo. Chimene chinandinyamutsa pamapeto pake si vesi ayi. Ndinangokumbukira ola lija Agogo anakhala pansi m'chipinda changa. Maliro n'kulirana, ndipo ngakhale ndinali ndisanadziwe chimene chinkawatengera kuphiriko, ndinaona pa nkhope yawo kuti si ulendo wokaona malo.

Kuchoka ku Sendai, sitima ya pa njanji ya Senzan imatenga pafupifupi ola, kudutsa m'nkhalango ndi m'mphanga zobooledwa m'mapiri, mpaka kulowa m'chigawo cha Yamagata. Siteshoni yake imatchedwa Yamadera, kutanthauza kuti kachisi wa m'phiri, ngakhale dzina lenileni la kachisiyo ndi Risshaku-ji. Ungotsika sitima, kukweza maso, umaona tinyumba tamatabwa titakakamira pa matanthwe kumwamba kwenikweni, ngati zisa za anamzeze. Ndinafunsa Agogo ngati kuli galimoto yokafika kumeneko. Anaseka. "Masitepe 1,015," anatero. "Ndi miyendo basi."

Titawoloka mlatho wofiira wa pa mtsinje wa Tachiya tinapeza timasitolo togulitsa chakudya chimene aliyense amadya asanakwere, chotchedwa konnyaku: timipira titatu tobayidwa pa kamtengo, topangidwa ndi ufa wa chomera cha mtundu wa koko, towiritsidwa mumsuzi wakuda. Agogo anandigulira, koma ndisanalume anandigwira dzanja, nafunsa wogulitsayo kanthu kena m'Chijapani. Anatembenuka akupukusa mutu. Msuziwo anauphikira ndi nyama youma ya m'nyanja ija yokhala ndi miyendo yambirimbiri, yopanda mamba. "Inu a Sabata simudya," anatero, nadya timitengo tonse tiwiri okha. Ine anandigulira ayisikilimu wa matcheri, zipatso zimene Yamagata imatchuka nazo. Ndikunena zimenezi chifukwa ena amaganiza kuti munthu wa chipembedzo china akakutengera kumalo ake opatulika ndiye kuti akukutchera msampha. Mayi ameneyu ankasamala za chikhulupiriro changa kuposa mmene ndinkasamalira ine mwini m'mawa umenewo, njala itandigwira.

Nyumba yaikulu ya kachisiyu, Konpon Chudo, ili m'munsi mwenimweni mwa phiri. Imene ilipo leroyi inamangidwa mu 1356, ndi matabwa amene tsopano anada bii ndi ukalamba. Mbiri ya malowa imati anawayambitsa mu 860 ndi wansembe wotchedwa Ennin, wa gulu la Chibuda la Tendai. Munthuyu anali woyenda. Anawoloka nyanja kupita ku China mu 838, nakhala kumeneko mpaka 847 akufunafuna aphunzitsi ndi mabuku, ndipo anaona ndi maso ake mfumu ya dzikolo ikutseka nyumba za amonke ndi kuwavula mikanjo. Zimene ankalemba tsiku ndi tsiku pa ulendowo zikuwerengedwabe ndi akatswiri a mbiri yakale.

Koma chimene chinandigwira mtima m'nyumbamo ndi nyale. M'katikati, mumdima, muli moto wa nyale ya mafuta umene amati unachokera ku Enryaku-ji, likulu la gulu la Tendai pa phiri la Hiei pafupi ndi Kyoto. Nkhondo itawononga Yamadera nthawi ina, motowo unazima, ndipo ansembe anakautenganso ku Hiei. Kenako mu 1571 mkulu wankhondo Oda Nobunaga anatentha kachisi wa ku Hiei uja, moto wa kumeneko n'kuzima nawonso. Pomanganso, anthu a ku likulu anachita kubwera kuno, ku kachisi wakumudzi uyu, kudzatenga moto. Agogo akundifotokozera, ndinadziona ndili kamtsikana, phale lili m'manja, amayi atandituma kukapala moto kwa anansi athu. Anansiwo anali a mpingo wina, ndipo bambo ankatsutsana nawo za tsiku lopembedza pafupifupi mlungu uliwonse pansi pa mtengo wa mango. Koma moto tinkapalirana. Sindinamvepo bambo akufunsa kuti khala limene laphika nsimayi lachokera kwa Akatolika kapena kwa yani.

Tinalipira kandalama pachipata, n'kuyamba kukwera.

Masitepewo ndi amiyala, osafanana, ena otalika ena aafupi, ndipo amakhotakhota pakati pa mitengo ikuluikulu ya sugi, yowongoka ngati mikungudza ya kwathu. Ndere zinamera pa chilichonse. M'mbali monse muli nyale zamiyala ndi timafano tating'ono tovekedwa tinsalu tofiira pakhosi. Mawu akuti fano ndi amene ndinakula nawo ndipo ndi amene ndikugwiritsa ntchito, ngakhale ndikudziwa kuti Agogo atawamva angawawidwe nawo. Abuda a kuno amati sitepe iliyonse imene wakwera imakuchotsera chilakolako chimodzi cha dziko lapansi. Ine chimene chinkandichoka ndi thukuta. Kutentha kwa Ogasiti ku Japan si kwa kwathu kwa Okutobala kouma kuja. Kumakhala ngati wafunda bulangete lonyowa. Agogo ankakwera masitepe khumi, n'kuima, dzanja lawo litandikanikiza pamkono. Ine ndikayamba kupuma mwawefuwefu ankanditembenukira n'kunena ndi liwu la mzamba, "Tchimani, mayi! Tchimani!" Anthu odutsa ankadabwa kuti chikutiseketsa n'chiyani.

Pang'ono pokha kuchokera pachipata pali kanyumba kokhala ndi fano la nkhalamba yaikazi ya maso otong'oka, imene amati imavula akufa zovala pa mtsinje wa malire a dziko lino ndi linalo. Kale oyenda ulendowu ankasamba pamenepa n'kusiya zovala zakale, chifukwa kumunsi kwake ankakuyesa dziko la mazunzo, kumtunda kwake dziko la mtendere. Penanso njira imapanikizika pakati pa miyala mpaka kutsala masentimita 14 okha, poti phazi limodzi lokha n'kupondapo.

Ndiye panali nyenje. Sindinkadziwa kuti ku Japan kuli nyenje, ndipo zitayamba kulira ndinaima chilili. Kulira kwake n'komwe kuja kwa masana a chilimwe kumudzi, pamene minda yasosedwa ndipo aliyense akuyang'ana kumwamba kudikira mvula. Bambo ankakonda kukhala pakhonde nthawi imeneyo akukonza mipini ya makasu. Mlakatuli wotchuka wa ku Japan, Matsuo Basho, anakwera phiri lomweli mu 1689, nalemba ndakatulo yaifupi yonena za bata la malowa ndi kulira kwa nyenje, imene ana a sukulu a m'dzikolo amaidziwa pamtima. M'mbali mwa njira muli mwala pamene otsatira ake anakwirira kapepala kolembedwa ndakatuloyo. Agogo anandiuza kuti akatswiri awiri a zolembalemba anakanganapo kwa nthawi ndithu pa funso lakuti nyenje imene Basho anamva inali ya mtundu wanji. Ophunzira ndi amodzi kulikonse. Ine sindinafunse za mtundu. Ndinapukuta maso ndi kansalu ka thukuta, Agogo n'kukhala ngati sanaone.

Pamwamba pake pali thanthwe lalitali lotchedwa Midahora, limene mvula ndi mphepo zinalisema kwa zaka zambiri. Amati amene angaone maonekedwe a Buda pa thanthwelo adzapeza mwayi. Ine sindinaone kanthu, ndipo sindinayesetse. Chimene ndinaona ndi mayina. Pa thanthwe ponsepo anagobapo timiyala ta chikumbutso tokhala ndi mayina a akufa, ena ofufutika kale, ndipo m'ming'alu anthu anapanikizamo ndalama zachitsulo zambirimbiri. Patsinde pake anatsamiritsapo matabwa aatali okhala ndi kagudumu kumutu, kamene wodutsa amakazunguliza popempherera womwalirayo. Apa m'pamene Agogo anandiuza kuti kwa anthu a dera lino, kumene iwonso anabadwira, Yamadera ndi phiri limene mizimu ya akufa imapita. Ku Japan pafupifupi maliro onse amawotchedwa, ndipo mabanja ena a kuno amatenga dzino kapena kafupa ka m'bale wawo n'kukwera nako kudzasiya pamwamba pa phirili.

"Inu munabweretsa ka yani?" ndinafunsa.

"Ine ndinalibe choti ndibweretse," anatero, nayamba kukwera.

Tinadutsa chipata chachikulu cha Niomon, chomangidwa mu 1848, chokhala ndi mafano awiri a alonda okwiya mbali iyi ndi iyo. Kupitirira apo mitengo imachepa, kumwamba kumatseguka, ndipo umapeza kuti pamwamba pa phiri pali kamudzi: akachisi ang'onoang'ono, timinda ta maluwa, ngakhale bokosi lofiira loponyamo makalata. Ndinamumvera chisoni wa positi amene amakwera masitepe onsewa chifukwa cha bokosi limenelo.

M'nyumba ina ya pamwambapo tinavula nsapato n'kulowa. Maso atazolowera mdima ndinaona kuti m'makoma mwapachikidwa zithunzi zaukwati, zina zojambula pamanja, zakale ndi zatsopano: mkwati ndi mkwatibwi m'zovala zawo zabwino, pena makolo ataima kumbuyo. Ndinaganiza kuti ndi mabanja amene anadzadalitsira maukwati awo kuno. Agogo anati ayi. Zimatchedwa mukasari ema. Mwana akamwalira asanakwatire kapena kukwatiwa, makolo a dera lino amajambulitsa ukwati umene sanauone, kuti asakhale yekha kumene wapitako. Mnzake wa pachithunzicho amayenera kukhala munthu wongopeka. Sajambulapo nkhope ya munthu wamoyo, poopa kuti womwalirayo angamutenge.

Anandilondolera pakona ina, naloza m'mwamba. Mnyamata wa nkhope yozungulira, makutu otuluka ngati a Agogo, ataima pambali pa mtsikana wovala zoyera.

Anali mwana wawo mmodzi yekhayo. Ankagwira ntchito panyumba yosamalira okalamba pafupi ndi gombe. Pa 11 Malichi 2011, Lachisanu masana, chivomezi chachikulu chija chitagwedeza dera lonse, iye anatulutsa nkhalamba zingapo n'kuzikweza m'galimoto, nabwerera kukatenga zina za pa njinga za olumala. Madzi a tsunami anamupeza m'katimo. Anthu oposa 2,500 amene madziwo anawatenga sanapezeke mpaka lero, ndipo iye ndi mmodzi wa iwo. Agogo anayenda m'maholo a sukulu mmene ankagonekamo mitembo, mlungu ndi mlungu, akuvundukula nkhope za ana a eni. Mayi amene manja ake analandira ana osawerengeka, ena a iwo kwathu kuno, sanapeze ngakhale dzino la mwana wake.

Anafuna kugwada kutsogolo kwa guwa, kumene kunali fano lonyezimira ngati golide, makandulo ndi mbale za zipatso. Mawondo anakana. Anayesa kutsika, nagwedezeka, nandikoka mkono. Kuti afike pansi osagwa, ndinayenera kutsika nawo limodzi. Bondo langa lamanja linagunda pamkeka, kenako lamanzere. Ndinapezeka nditagwada pamaso pa fano, ine mwana wa mkulu wa mpingo, dzanja langa lili m'khwapa mwa mayi amene ankanong'ona dzina la mwana wake. Ndikanatha kudzuka n'kukaima pakhomo. Koma thupi lawo lonse linali litatsamira pa ine, ndipo linkanjenjemera. Ndinakhala. Ndinayang'ana pansi, pa ulusi wa mkeka, n'kupemphera chamumtima kwa Mulungu amene bambo anandiphunzitsa, pemphero losalongosoka, lopempha kuti aone chimene chili mumtima mwanga popeza mawondo anga akunena zina.

Atatha anatenga timitengo tiwiri ta lubani, kamodzi n'kundipatsa. "Ka bambo anu."

Apa ndiye panali povuta kuposa kugwada kuja, chifukwa anandipatsa ndi chikondi chonse. Ndinati, "Agogo, pepani. Ichi chokha sindingathe." Nkhope yawo inasintha pang'ono, ndipo sindinganame kuti sanakhumudwe. Anakayang'ana kamtengoko kwa kanthawi, kenako anayatsa tonse tiwiri n'kutizika mu phulusa. Sindinawaletse. Sanali kundipempha chilolezo.

Malo amene anthu ambiri amakwerera phirili ali pambali pang'ono potsika. Umadutsa kanyumba kofiira kotchedwa Nokyodo, kamene kanakhala pansonga pa thanthwe popanda chokatchinga, moti umachita kukaopera mphepo. Ndiko kamene kamaoneka pa zithunzi zonse za Yamadera. Pambali pake pali nyumba yokumbukira Ennin, ndipo timasitepe tina topapatiza timakufikitsa ku Godaido, khonde lamatabwa lopanda makoma limene linatulukira kunja kwa phompho. Ukafika pa chotchingira n'kuyang'ana pansi, m'mimba mumachita kuti zii. Chigwa chonse chili pansi pako: madenga a nyumba, mtsinje ukung'anima, minda yobiriwira, njanji, ndi siteshoni imene tinatsikira ija itachepa ngati bokosi la machesi. Kutsidya mapiri anasanjikizana, oyandikira obiriwira, akutali abuluu, otsiriza osasiyanitsika ndi mitambo. Kamphepo kozizira kankakwera kuchokera kuphomphoko. Kwa nthawi yoyamba chimwalirireni bambo ndinapuma mpweya wofika pansi pa chifuwa.

Tinaima pakona, anthu ena akujambulana zithunzi kumbuyo kwathu. Sitima inatulukira m'phiri, ikukwawa ngati bongololo.

"Inu a Sabata," anatero Agogo osandiyang'ana, "mumati akufa ali kuti?"

Mayankho a funso limeneli ndinawaloweza ndili mu Pathfinder. Ndikanatha kuwandandalikira mavesi kuyambira ku Mlaliki mpaka ku Atesalonika, ndipo bambo akanatero. Koma pakamwa panga panangotuluka zochepa. "Timati agona, Agogo. Sadziwa kanthu, samva kanthu, mpaka tsiku limene Yesu adzabwere kudzawadzutsa."

"Samva kanthu?"

"Ayi."

"Ngakhale kuzizira?"

Sindinamvetse msanga. Anandiuza kuti madzulo a tsiku la tsunami lija kunagwa chipale chofewa. Zaka zonsezi, nyengo yozizira ikafika, iwo amalephera kuyatsa chotenthetsera m'nyumba osaganiza za madzi a m'nyanja ija.

"Ngakhale kuzizira, Agogo," ndinatero. Ndinawauzanso kuti buku lomaliza la m'Baibulo limanena za tsiku limene nyanja nayo idzabweze amene inawameza, kuti kwa Mulungu kusowa kwa manda si kusowa kwa munthu.

Anakhala chete nthawi yaitali. Ndikanakonda kukuuzani kuti anapempha maphunziro a Baibulo pomwepo, chifukwa ndi mmene nkhani zotere zimathera pa msonkhano wa misasa. Sizinatero. Anati, "N'zabwino zimenezo, zoti sakumva kuzizira. Ndizisunga." Kenako anawonjeza kuti, "Koma ine ndimakonda kuganiza kuti akundiona ndikamakwera."

Sindinawatsutse, ndipo chifukwa chake n'chochititsa manyazi. M'mawa wonse chiphunzitso chathu cha akufa chinkanditonthoza mwa njira imene abusa sanaiganizirepo: ndinkadziuza kuti bola bambo sakundiona ndili pano. Koma pa khonde lija, chigwa chili pansi panga, nyenje zikulira, ndinalakalaka ndi mtima wonse akanandiona. Akanakalipa, inde, koma akanandiona, ndipo ine ndikanawauza kuti ndinayesetsa kupeza ndalama ya ndege. Ndimakhulupirira zimene ndinawauza Agogo. Ndinangozindikira tsiku limenelo kuti chiphunzitsocho chili ndi mtengo wake, kuti kunena kuti agona n'kuvomeranso kuti palibe njira yowapepesera mpaka m'mawa wa chiukitso. Anthu amene amajambulitsa maukwati aja ndi kupanikiza ndalama m'ming'alu ya thanthwe akukana kulipira mtengo umenewo. Ndikuganiza kuti akulakwitsa. Koma sindingathenso kuwaseka monga tinkachitira m'kalasi, tikamaphunzira za zipembedzo za dziko ngati mndandanda wa zolakwa zoti tiloweze pokonzekera mayeso.

Kutsika kunali kovuta kuposa kukwera. Mawondo a Agogo ankanjenjemera pa sitepe iliyonse, ndipo tinatenga nthawi yaitali moti masitolo ena tinawapeza akutseka. Mu sitima anagona, mutu uli paphewa langa.

Usiku umenewo ndinatsegula nkhani ya Namani, imene tonse timaidziwa mpaka pamene khate linachoka mu Yorodano. Chakumapeto kwake kuli kachigawo kamene sindikumbukira kuti ndinamvapo wina akulalikira. Namani, atalonjeza kuti sadzapembedzanso mulungu wina, akuuza Elisa za vuto limene likumudikira kwawo: mfumu yake ikamalowa m'kachisi wa Rimoni imatsamira pa mkono wake, ndipo ikawerama, iyenso amayenera kuwerama. Mneneriyo sanamupatse lamulo, sanamudzudzule, anangomulola apite mumtendere. Sindikunena kuti nkhaniyi ikufafaniza ya anyamata a ku Babulo. Zonse ziwiri zili m'buku limodzi, ndipo ndikudziwa kuti munthu wofuna kudzikhululukira amathamangira kwa Namani msanga. Mwina ndi zimene ndinachita. Ena mwa inu mudzati ndikanakana ulendowo pachiyambi pomwe, ndipo sindikukutsutsani ndi mphamvu.

Amayi ndinawaimbira patapita masiku atatu, nditawatumizira ndalama ya bandulo yokwanira. Ndinawafotokozera zonse, kuyambira pa ola lija Agogo anakhala pansi m'chipinda changa mpaka pa lubani. Sanandidule mawu. Kumbuyo kwawo ndinkamva nkhuku ndi mwana wa mlongo wanga akulira. Nditamaliza panadutsa kanthawi, mpaka ndinayang'ana foni kuti mwina yaduka.

"Lubaniyo sunayatse?"

"Sindinayatse, amayi."

"Mmm." Anapuma. "Bambo ako akanalankhula."

"Ndikudziwa."

"Nanga mayiyo ali ndi ana ena?"

"Ayi. Anali yekhayo."

"Amuna awo?"

"Anamwalira kale."

"Ndiye amakhala ndi yani?"

"Okha, amayi."

Ndinamva akusuntha mpando, kenako akuuza wina kuti achotse poto pamoto. Atabwerera pa foni anandifunsa ngati ku Japan kumapezeka ufa woyera. Ndinati umapezeka wachikasu, wodula. Anati ndigule womwewo, ndikawaphikire nsima mayiwo Lamulungu likubwerali, ndipo ndisakapite chimanjamanja ngati mwana wosaleredwa.